Chaka chimodzi chokha: mmene mungaperekere pempho la asylum ku America nthawi isanakuthereni

Munthu amene walowa m'dziko la America ndipo akuopa kubwerera kwawo chifukwa cha chizunzo amapatsidwa chaka chimodzi chokha kuti apereke pempho la chitetezo, chimene kumeneko chimatchedwa asylum. Lamuloli linakhazikitsidwa mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 1998, ndipo kuchokera nthawi imeneyo pali anthu amene akanidwa, osati chifukwa nkhani yawo inali yabodza, koma chifukwa fomu yawo inafika tsiku litadutsa. Malangizo ali m'munsimuwa ndi okuthandizani kuwerenga masiku molondola ndiponso kusunga umboni woti simunachedwe. Salowa m'malo mwa loya, ndipo ngati mungathe kupeza loya wodziwa za malamulo olowa ndi kutuluka m'dziko, mumufunefune mwezi womwe uno.

Tisanafike pa masiku, dzifunseni ngati njira imeneyi ilidi yanu. Asylum imaperekedwa kwa munthu amene anazunzidwa, kapena ali ndi chifukwa chomveka choopera kuzunzidwa, pa chimodzi mwa zifukwa zisanu izi: mtundu wake, chipembedzo chake, dziko limene ndi nzika yake, maganizo ake pa ndale, kapena kukhala m'gulu linalake la anthu. Umphawi, ulova, ngongole ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ngakhale zikuwawa chotani, sizili m'gulu limeneli. Woweruza akapeza kuti munthu anapeka dala nkhani yake, munthuyo amatsekeredwa kwamuyaya mwayi wopeza mapepala okhalira m'dzikolo, choncho amene angakuuzeni kuti "ingolembani chilichonse mupeze chilolezo cha ntchito" akukukumbirani dzenje. Dziwaninso kuti amene anachokera ku Dzaleka m'boma la Dowa kudzera m'ndondomeko yosamutsa othawa kwawo anafika kale ndi chitetezo chawo, ndipo fomu imene tikukamba panoyi siiwakhudza.

Pezani tsiku lenileni limene munalowa

Chaka chimawerengedwa kuchokera tsiku limene munaponda nthaka ya America paulendo wanu womaliza. Sichiwerengedwa kuchokera tsiku limene viza yanu inatha, kapena limene munasiya sukulu, kapena limene munamva koyamba kuti kuli chinthu chotchedwa asylum. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mlendo wobwera ndi viza yoyendera abale kawirikawiri amaloledwa kukhala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ikatha amaganiza kuti chaka chake chikuyamba kumene, pamene theka lake lapita kale.

Tsegulani pasipoti yanu muone chidindo cholowera. Mabwalo a ndege ambiri masiku ano sadindanso, choncho pitani patsamba la intaneti la CBP, ofesi yoyang'anira malire, mukatsitse chikalata chotchedwa I-94, chimene chimaonetsa tsiku limene munalowa ndi tsiku limene muyenera kutuluka. Chisindikizeni papepala, musangochisiya mufoni. Musadalire tsiku lolembedwa pamwamba pa tikiti ya ndege, chifukwa munthu wonyamuka pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa amatera ku Washington tsiku lotsatira, ndipo tsiku limene lamulo limaliwerenga ndi loteralo.

Chenjerani ndi kalembedwe ka madeti. Kwathu timayamba ndi tsiku kenako mwezi, koma Amereka amayamba ndi mwezi. Pepala likalembedwa 03/04/2025, tanthauzo lake ndi 4 Malichi 2025, osati 3 Epulo. Munthu amene wawerenga detilo mwachikwathu adzakhala phee mpaka kumapeto kwa Malichi 2026 akuganiza kuti akadali ndi masiku, pamene chitseko chinatsekeka masabata angapo apitawo. Mukalemba detilo m'kope lanu, lembani dzina la mwezi m'mawu.

Amene analowa osadzera pachipata chovomerezeka alibe I-94, koma udindo wotsimikizira tsiku lolowa umakhalabe wawo, ndipo lamulo limafuna umboni womveka ndi wokhutiritsa. Sonkhanitsani chilichonse choonetsa kuti munali kunja kwa America m'chaka chimenecho: zidindo za mayiko amene munadutsamo, matikiti a basi, malisiti olandirira ndalama panjira, zithunzi za mufoni zokhala ndi madeti, mapepala amene apolisi a m'malire anakupatsani, ndi kalata yolumbira ya munthu amene anakulandirani.

Mukapeza tsikulo, tengani tsiku lofanana nalo chaka chotsatira, mubwerere m'mbuyo tsiku limodzi, ndipo limenelo mulitenge ngati mpanda womaliza. Lamulo limati tsiku lomaliza likagwera Loweruka, Lamlungu kapena tsiku la tchuthi cha boma, nthawi imapitirira mpaka tsiku logwira ntchito lotsatira, koma chifundo chimenechi ndi cha amene wapanikizika kale, si chokonzera mapulani. Ine ndimalangiza kuti mudziikire tsiku lanulanu miyezi itatu m'mbuyo mwa tsiku lomalizalo, chifukwa fomu ikabwezedwa mudzafunika mpata woikonza.

Dziwani kumene fomu yanu iyenera kupita

Fomu yake ndi imodzi, I-589, koma makomo olandirira ndi awiri, ndipo kuipereka pakhomo lolakwika kumadya masabata. Ngati boma silinakutsegulireni mlandu wokubwezani kwanu, fomu imapita ku USCIS, ofesi yoona za unzika ndi zolowa m'dziko. Ngati mlandu wanu uli kale kukhoti loona za olowa m'dziko, kawirikawiri fomu imaperekedwa kukhoti komweko, osati ku USCIS.

Njira yodziwira ndi iyi. Yang'anani ngati munapatsidwapo pepala la mutu wakuti Notice to Appear, lomwe ndi chisamani chokuitanani kwa woweruza. Pa pepalalo pali nambala yanu yoyamba ndi chilembo A. Lowetsani nambalayo patsamba la EOIR, ofesi yoyendetsa makhotiwa, kapena imbani 1-800-898-7180. Mlandu wanu ukapezeka, ndiye kuti khomo lanu ndi khoti. Zimachitikanso kuti munthu ali ndi chisamani m'manja koma boma silinakachitule kukhoti, moti nambala yake siikupezeka. Zikatero musakhale pansi kudikira, poti chaka chikuyendabe. Perekani fomu ku USCIS, ndipo sungani chithunzi cha tsambalo choonetsa kuti pa tsikulo mlandu wanu sunkapezeka.

Amene mlandu wawo uli kukhoti asadikire tsiku lokaonekera kwa woweruza. Makhotiwa ali ndi milandu yopitirira mamiliyoni atatu yodikira, ndipo si zachilendo kupatsidwa tsiku loyamba patapita chaka ndi miyezi. Kuchedwa kwa khoti sikuimitsa chaka chanu. Fomu mukhoza kukaipereka pawindo la khoti kapena kuitumiza papositi tsiku lokaonekera lisanafike.

Dzazani fomu yonse, umboni wina ubwere pambuyo

Chimene chimachedwetsa anthu ambiri si ulesi ayi, koma kufuna kuti zonse zikwanire kaye. Wina akudikira lipoti la kupolisi lochokera kumudzi, wina kalata ya abusa, wina chikalata cha kuchipatala chimene mlongo wake analonjeza kutumiza miyezi inayi yapitayo. Akuluakulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Chimene chimaimitsa kuwerenga kwa chaka ndi fomu yodzazidwa bwino ndi kusainidwa. Mapepala ena a umboni mukhoza kuwaonjezera nthawi ina tsiku lofunsidwa mafunso lisanafike.

Izi sizikutanthauza kuti fomuyo idzazidwe mwachisawawa. Itsitseni patsamba la USCIS sabata yomwe mukuitumiza, ndipo onani deti la kope lake lolembedwa pansi pa tsamba lililonse, chifukwa kope lakale limabwezedwa. Imadzazidwa m'Chingerezi. Musasiye mpata wopanda kanthu: funso likakhala losakukhudzani lembani N/A kapena none. Mafunso ofunsa chimene chinakuchitikirani, amene anakuchitirani, nthawi yake ndi chifukwa chake muwayankhe pafomu pomwepo ndi ziganizo zomveka, ngakhale mutalembanso nkhani yaitali papepala lina, chifukwa woweruza ali ndi mphamvu yotaya fomu yosakwanira asanamve n'komwe mawu anu. Lembani mayina a mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana anu onse, kaya ali nanu kaya ali kumudzi. Amene ali nanu ku America, kutanthauza mnzanu wa banja ndi ana osakwatira osakwana zaka 21, akhoza kulowa pa pempho lanu lomwelo.

Pa madeti a zimene zinakuchitikirani, lembani zimene mukukumbukiradi. Ngati mukungodziwa kuti munamangidwa nyengo yokolola chimanga m'chaka chakutichakuti, lembani mwezi ndi chaka n'kunena kuti tsikulo ndi longoyerekeza. Deti lopeka kuti mpata udzaze lidzakutsatani zaka zingapo kutsogolo, pamene wofunsa adzaliyerekeza ndi zimene mukunena pakamwa.

Chikalata chilichonse cholembedwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chipwitikizi kapena chilankhulo china chiyenera kupita limodzi ndi kumasulira kwake kwa Chingerezi, ndipo womasulirayo alembe mawu otsimikiza kuti amadziwa zilankhulo ziwirizo ndi kuti wamasulira zonse molondola, kenako asaine. Pomaliza, sainani fomuyo inuyo. Fomu yosasainidwa imabwerera mmene inapitira.

Kwa zaka zambiri fomuyi inali yaulere, koma lamulo limene linasainidwa pa 4 Julayi 2025 linabweretsa malipiro a $100 popereka pempho, ndiponso malipiro ena a chaka ndi chaka pamene pempholo likudikira chigamulo. Ndalamazi zimasinthidwa malinga ndi kukwera mitengo, choncho onani mtengo ndi njira yolipirira patsamba la USCIS kapena la EOIR musanatumize.

Tumizani m'njira yosiya mapazi

Lamulo limasiyanitsa makomo awiri aja pankhani ya tsiku limene fomu imatengedwa kuti yaperekedwa. Ku USCIS amawerenga tsiku limene fomu yalandiridwa, koma ikafika chaka chitadutsa, inu n'kuonetsa umboni wolembedwa woti munaiponya papositi chaka chisanathe, tsiku loponyalo ndi limene limawerengedwa. Kukhoti kulibe chifundo chotere: chowerengedwa ndi tsiku limene khoti lailandira basi. Envulopu yoponyedwa Lachinayi n'kufika Lolemba, tsiku lomaliza lili Lachisanu, yachedwa.

Pachifukwa chimenechi, musaponye fomu m'bokosi la positi la pamsewu. Lowani mupositi ofesi mupemphe Certified Mail yokhala ndi kakhadi kobiriwira kamene wolandira amasaina n'kukubwezerani, kapena gwiritsani ntchito kampani ngati FedEx kapena UPS yopereka nambala yolondolera katundu. Lisiti limene angakupatseni ndi kapepala kopyapyala kamene inki yake imafufutika pakapita miyezi, choncho lijambuleni tsiku lomwelo, mulichite fotokope, ndipo chithunzicho mudzitumizire pa imelo. Keyala yotumizako imadalira chigawo chimene mukukhala ndipo imasinthasintha. Itengeni patsamba la fomuyo, osati kwa mnzanu amene anatumiza chaka chatha. Ena amaloledwa kupereka fomuyi pa intaneti kudzera mu akaunti ya USCIS, ndipo ubwino wake ndi woti chitsimikizo chimabwera msanga.

Mukapita nokha kukhoti, nyamulani makope atatu: la khoti, la maloya a boma amene ayenera kupatsidwa lawo, ndi lanu. Pemphani kalaliki adinde kope lanulo patsamba loyamba. Chidindo chimenecho, chokhala ndi deti, ndiye mboni yanu yaikulu. Otumiza ku USCIS amalandira pepala lotchedwa I-797C lotsimikiza kuti fomu yafika. Likafika, onani ngati dzina ndi deti lolandirira zalembedwa bwino.

Fomu ikabwezedwa chifukwa cha cholakwika, musataye envulopu kapena kalata imene yabwera nayo. Malamulo amavomereza kuti munthu amene anapereka fomu chaka chisanathe, n'kubwezedwa kuti akonze, ndipo anaitumizanso mosachedwa, asaweruzidwe ngati wochedwa. Ikonzeni m'masiku ochepa, ndipo kalata yobwezerayo muiike pamwamba.

Ngati chaka chadutsa kale

Chitseko sichinatsekeke kotheratu, koma tsopano muyenera kufotokoza chifukwa chochedwera, ndipo lamulo limamva zifukwa za mitundu iwiri yokha. Mtundu woyamba ndi kusintha kwa zinthu kokhudza pempho lanu: boma lasintha kwanu ndipo anthu onga inu ayamba kusakidwa, kwakhazikitsidwa lamulo latsopano lokuikani pangozi, mwalowa chipembedzo china muli kale ku America, kapena munali pa pempho la mwamuna wanu ndipo ukwati watha. Mtundu wachiwiri ndi zovuta zapadera zimene zinakulepheretsani kupereka fomu m'chaka choyambacho: matenda aakulu a thupi kapena a maganizo, kuphatikizapo obwera chifukwa cha chizunzo chomwecho, imfa kapena matenda aakulu a loya wanu kapena wachibale wapafupi, loya amene anakulakwirani pantchito yake, kapena kukhala ndi mapepala ovomerezeka, monga a wophunzira, mpaka posachedwapa. Ana amene analowa opanda kholo kapena wowayang'anira sakhudzidwa ndi lamulo la chaka chimodzili.

Kusadziwa lamulo pakokha si chifukwa chimene amachimva. Ndiponso chifukwa chovomerezeka sichikupatsani chaka china chatsopano. Chimene lamulo limanena ndi chakuti mupereke fomu m'nthawi yoyenera kuchokera pamene zinthu zinasintha kapena chovutacho chinatha, ndipo boma linanena kale kuti munthu amene wadikira miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira mapepala ake atatha, kawirikawiri amaonedwa kuti wachedwa. Wophunzira amene wasiya sukulu mu Januwale asadikire Julayi. Maganizo anga ndi akuti ngakhale amene mapepala ake akugwirabe ntchito, ngati mantha ake ali enieni, ndi bwino apereke fomu m'chaka choyamba kusiyana ndi kudzadalira kuti wofunsa adzamumvetsa.

Chifukwa chilichonse chimene mwapereka chikhale ndi pepala lochiikira kumbuyo: kalata ya dokotala yonena nthawi imene munadwala ndi mmene matendawo anakulepheretserani, chikalata cha imfa, nkhani za m'nyuzipepala zoonetsa kusintha kwa zinthu kwanu, mapepala a sukulu oonetsa tsiku limene munalekeza. Wodandaula za loya ali ndi ntchito yochulukirapo, chifukwa ayenera kulemba kalata yolumbira yofotokoza zimene anagwirizana, kumudziwitsa loyayo kuti ayankhepo, ndi kukasuma ku bungwe loyang'anira maloya kapena kufotokoza chifukwa chimene sanasumire. Apa mpofunika kunena kuti ololedwa kukuimirirani kwenikweni ndi maloya ndi nthumwi zovomerezedwa ndi Unduna wa Zachilungamo wa dzikolo. Wodzaza mafomu wa m'dera amene amalandira ndalama pamanja popanda lisiti sali m'gulu limeneli. Makhoti amasunga mndandanda wa mabungwe othandiza mwaulere.

Zifukwa zanu zikakanidwa, pamatsalabe zitetezo ziwiri zopanda malire a chaka, zopemphedwa pa fomu yomweyo: kuletsa kuti mubwezedwe kudziko limene mukuliopa, ndi chitetezo cha pangano la mayiko loletsa kuzunza anthu mwankhanza. Koma umboni wake ndi wolemera kwambiri, poti muyenera kuonetsa kuti mpata woti mukazunzidwe ndi waukulu kuposa woti simukazunzidwa, ndipo mukapambana simupeza green card, chikalata chokulolani kukhala m'dzikolo mokhazikika, kapena mwayi woitana banja lanu. Kusiyana kumeneku ndiye mtengo weniweni wa kuchedwa.

Masiku ena amene akubwera fomu ikalowa

Mukasamuka nyumba, dziwitsani USCIS pasanathe masiku 10 pogwiritsa ntchito fomu AR-11, ndipo ngati muli ndi mlandu kukhoti, dziwitsaninso khotilo pasanathe masiku asanu ogwira ntchito ndi fomu EOIR-33. Kudziwitsa ofesi imodzi sikudziwitsa inzake. Anthu ongofika kumene amakhala kwa abale miyezi iwiri, kenako kwa mnzawo wa kutchalitchi, ndipo kalata yoitanira kukhoti imakagwera m'bokosi la nyumba imene anachokamo kalekale. Munthu akalephera kufika kukhoti, woweruza akhoza kulamula kuti abwezedwe kwawo iye kulibe, ndipo ngati analephera chifukwa cha vuto lalikulu monga matenda, ali ndi masiku 180 okha opempha kuti mlanduwo utsegulidwenso.

Mudzaitanidwa kukadinda zala ndi kujambulidwa. Pitani pa tsiku lolembedwalo. Chilolezo chogwirira ntchito, pa fomu I-765, chakhala chikupemphedwa patapita masiku 150 fomu ya asylum italandiridwa, n'kuperekedwa masiku 180 atakwana. Mu 2020 boma linakweza nthawiyi kufika masiku 365, khoti n'kufafaniza kusinthako mu 2022, choncho onani lamulo limene likugwira ntchito musanatumize. Kuchedwetsa kochokera kwa inu, monga kupempha kuti tsiku lisunthidwe kapena kujomba kodinda zala, kumaimitsa kuwerenga kwa masikuwa.

Nkhani ya womasulira imativuta ife olankhula Chichewa kuposa olankhula Chisipanishi kapena Chifalansa. Pokafunsidwa mafunso ku USCIS, munthu amene Chingerezi sichimutuluka bwino amabwera ndi womasulira wake, wa zaka 18 kapena kupitirira, amene si loya wake, si mboni yake, ndiponso sagwira ntchito m'boma la dziko limene akulithawa. Kufika wopanda womasulira kumawerengedwa ngati kuchedwetsa kwa inu, choncho yambani kumufunafuna fomu itangolowa. Kukhoti womasulira amaperekedwa ndi khoti lenilenilo, koma muwauze msanga, ndipo mutchule mayina onse awiri, Chichewa ndi Nyanja, chifukwa m'mabuku awo chilankhulochi chikhoza kulembedwa ndi dzina lililonse mwa awiriwa.

Woweruza amaika tsiku lomaliza loperekera umboni mlandu usanamvedwe, ndipo pepala lofika tsikulo litadutsa akhoza kulikana. Akagamula mokutsutsani, apilo imapita ku Board of Immigration Appeals, bungwe lomva maapilo a milandu ya olowa m'dziko, pa fomu EOIR-26. Kwa zaka zambiri nthawi yake yakhala masiku 30, kuwerenga ndi Loweruka ndi Lamlungu lomwe, ndipo fomu iyenera kukhala itafika, osati itangoponyedwa. Tsatirani deti limene lalembedwa pa chigamulo chanu, ndipo kambiranani ndi loya tsiku lomwelo.

Mukapatsidwa asylum, green card mungaipeze mutakhala m'dzikolo chaka chathunthu kuchokera tsiku la chigamulo. Tsiku limene ambiri amaliiwala m'chisangalalo ndi loitanira banja: fomu I-730 ya mkazi kapena mwamuna ndi ana otsala kwanu iyenera kuperekedwa pasanathe zaka ziwiri kuchokera tsiku la chigamulo, ndipo ukwatiwo uyenera kukhala woti unalipo kale chigamulocho chisanaperekedwe. Popeza maukwati ambiri kwathu amamangidwa pachinkhoswe popanda pepala lililonse, ndipo si mwana aliyense amene ali ndi chikalata chobadwira cha ku National Registration Bureau, uzani abale ayambe kusonkhanitsa zimene zingapezeke, monga makhadi a ubatizo, mabuku a kusikelo, zithunzi za pachinkhoswe ndi makalata olumbira a ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mlandu wanu ukadali m'njira.